Mbiri ya Mpikisano wa Patatu: Kusambira, Kupalasa Njinga ndi Kuthamanga

Munthu amene angadzuke m'mamaŵa ku Area 36, mu mzinda wa Lilongwe, n'kukaima m'mbali mwa mseu waukulu wopita ku Blantyre, amaona zinthu ziŵiri zimene sizisintha tsiku ndi tsiku. Choyamba ndi njinga zakapalasa. Zina zimakhala zitasenza matumba a makala kapena mitolo ya nkhuni kuchokera kumidzi, zina ndi za anyamata a kabaza amene anyamula amayi opita kumsika, ndipo zina ndi za abambo opita kuntchito. Chachiŵiri ndi anthu oyenda pansi ndi othamanga: ana a sukulu oopa kuchedwa, alonda oŵeruka ku ntchito ya usiku, ndi achinyamata olimbitsa thupi asanapite ku bwalo la mpira. Ambiri mwa anthu ameneŵa sadziŵa kuti zinthu ziŵiri zimene amachita mosaganizirazi ndi mbali ziŵiri za mpikisano wina umene lero uli pa mndandanda wa maseŵera a Olimpiki. Mbali yachitatu, imene sioneka pamseu, ndiyo kusambira.

Mpikisano umenewu dzina lake ndi triathlon. Dzinali linachokera ku mau a Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi mpikisano wa mbali zitatu. Wopikisana amayamba ndi kusambira, akavuuka amakwera njinga, ndipo akatsika panjinga amathamanga mpaka kukafika pamzere womalizira. Pakati pa mbali zitatuzi palibe kupuma. Wotchi ikayamba kuŵerenga pamene anthu akuloŵa m'madzi siimanso kufikira munthu atamaliza, kotero kuti ngakhale nthaŵi yovala nsapato ndi yomanga chipeŵa choteteza mutu imaŵerengedwa. Mbiri ya mpikisanowu ndi yaifupi, koma ili ndi phunziro kwa anthu a m'malokeshoni, chifukwa amene anauyambitsa sanali akatswiri olipidwa. Anali anthu wamba amene masana ankagwira ntchito zawo, madzulo n'kumakathamanga mongokonda.

Kalambulabwalo wa mpikisanowu anaoneka ku France. M'chaka cha 1920 nyuzipepala ya zamaseŵera ya kumeneko yotchedwa L'Auto inalemba za mpikisano umene unkatchedwa Les Trois Sports, ndiko kunena kuti maseŵera atatu. Opikisana ankathamanga makilomita 3, kupalasa njinga makilomita 12, ndi kusambira kuoloka mtsinje wa Marne kufupi ndi mzinda wa Paris. Mipikisano yotere inkachitika apo ndi apo m'dzikolo kwa zaka zingapo, koma inalibe malamulo okhazikika ndiponso bungwe loiyang'anira, motero sinafalikire kumaiko ena.

Chiyambi chenicheni cha mpikisano umene ukudziŵika lero chinali ku San Diego, m'chigawo cha California, ku America. Kumeneko kunali kalabu ya anthu othamanga yotchedwa San Diego Track Club, ndipo aŵiri mwa mamembala ake anali Jack Johnstone ndi Don Shanahan. Johnstone anali katswiri wosambira pa unyamata wake, koma pa kuthamanga sankapambana. Iye anaganiza zokonza mpikisano wophatikiza kuthamanga ndi kusambira kuti nayenso akhale ndi podalira. Shanahan anavomera, koma anaonjezera kuti pakhalenso njinga. Lachitatu madzulo, pa 25 Sepitembala 1974, anthu 46 anasonkhana pamalo otchedwa Mission Bay, aliyense atalipira dola imodzi. Anathamanga pafupifupi makilomita 9, kupalasa makilomita 8, ndi kusambira pafupifupi theka la kilomita. Njinga zambiri zinali zoyendera wamba, zosapangidwira liŵiro. Woyamba kumaliza anali Bill Phillips, amene anatenga mphindi 55 ndi masekondi 44. Omalizira anafika kutada kale, ndipo anthu anachita kuyatsa nyali za galimoto kuti awaunikire.

Pakati pa anthu 46 aja panali mkulu wina wa asilikali a pamadzi, John Collins, pamodzi ndi mkazi wake Judy. Banjali litasamukira ku Hawaii linapeza kuti kumeneko kunali mtsutso wosatha pakati pa osambira, opalasa njinga ndi othamanga, gulu lililonse likunena kuti ndilo lolimba koposa. A Collins anati mtsutsowo uthe pochita zonse zitatu tsiku limodzi. Anatenga mipikisano itatu imene inalipo kale pa chilumba cha Oahu n'kuilumikiza: kusambira makilomita 3.8 m'nyanja yamchere, kupalasa makilomita 180, ndi kuthamanga makilomita 42. Mtunda wa njinga wokhawo ndi woposa ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Dedza ndi kubwerera. Pa 18 Febuluwale 1978 amuna 15 anayamba, ndipo 12 anamaliza. Wopambana anali Gordon Haller, amene panthaŵiyo ankayendetsa takisi, ndipo anatenga maola 11, mphindi 46 ndi masekondi 58. Mpikisanowo anaupatsa dzina lakuti Ironman, kutanthauza munthu wachitsulo. Chaka chotsatira Lyn Lemaire anakhala mkazi woyamba kuumaliza.

Chimene chinatchukitsa mpikisanowu pa dziko lonse chinali kugwa kwa mtsikana wina pafupi ndi mzere womalizira. Mu Febuluwale 1982 Julie Moss, wophunzira wa zaka 23 amene analoŵa mpikisanowo pofuna kupeza zolemba pa maphunziro ake, anali patsogolo pa akazi onse. Atatsala pang'ono kufika, miyendo inamukanika. Anagwa, n'kudzuka, n'kugwanso. Ali pansi pomwepo, Kathleen McCartney anamupitirira n'kupambana. Moss sanalole kuti amunyamule. Anakwaŵa ndi manja ndi maondo mpaka anakhudza mzere, patangopita masekondi 29 mnzakeyo atafika. Wailesi ya kanema ya ABC inaonetsa zimenezi ku America konse, ndipo anthu ambiri amene anaona anayamba kufunsa kumene angakayesere nawo. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo kuyambira nthaŵi imeneyo mpikisanowu unadziŵika monga umene womaliza aliyense amalandira ulemu, ngakhale akhale wotsiriza.

Komabe mtunda wa ku Hawaii unali wautali kwambiri kwa munthu wokhala ndi ntchito ndi banja. Nchifukwa chake m'zaka za m'ma 1980 okonza mipikisano anayamba kufupikitsa. Anakhazikitsa mtunda wa kusambira mamita 1,500, kupalasa makilomita 40 ndi kuthamanga makilomita 10. Pa 1 Epulo 1989 nthumwi za maiko osiyanasiyana zinakumana ku Avignon, ku France, n'kukhazikitsa bungwe la International Triathlon Union, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Les McDonald wa ku Canada. Mu Ogasiti chaka chomwecho mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira mumzinda womwewo, ndipo anapambana ndi Mark Allen wa ku America ndi Erin Baker wa ku New Zealand. M'chaka cha 2000, ku Sydney, triathlon inaloŵa m'maseŵera a Olimpiki, pamene Brigitte McMahon wa ku Switzerland ndi Simon Whitfield wa ku Canada anatenga mendulo zagolide. Kuchokera madzulo aja a ku Mission Bay panali patangopita zaka 26. Mu 2016 opikisana olumala nawo anayamba kuchita mpikisanowu pa maseŵera a Paralympics ku Rio de Janeiro, ndipo mu 2020 bungwe lija linasintha dzina kukhala World Triathlon.

Mtunda umene anthu wamba ambiri amayambira ndi theka la wa Olimpiki uja. Munthu amasambira mamita 750, kupalasa makilomita 20, ndi kuthamanga makilomita 5. Mamita 750 ndiko kuoloka ka 15 dziŵe losambiramo lotalika mamita 50, ndipo makilomita 5 ndiko kuzungulira ka 12 ndi theka njira yothamangamo ya pa bwalo la maseŵera. Akatswiri amamaliza zonsezi ola lisanakwane kapena litangokwana, pamene munthu wamba amene wakonzekera bwino amatenga pafupifupi ola ndi theka. Opikisana osalipidwa amagaŵidwa m'magulu a misinkhu yosiyana zaka zisanuzisanu, amuna paokha ndi akazi paokha, kotero kuti mayi wa zaka 52 amapikisana ndi anzake a zaka 50 mpaka 54, osati ndi mtsikana wa zaka 20. Dongosolo limeneli ndilo lachititsa kuti aphunzitsi, anamwino, amisiri ngakhale agogo azipezeka pamzere woyambira tsiku limodzi ndi akatswiri.

Ndondomeko ya mbali zitatuzi ili ndi chifukwa chake. Kusambira kumakhala koyamba popeza munthu akatopa pamtunda amatha kukhala pansi n'kupuma, koma akatopa pamadzi akuya amamira. Njinga imabwera pakati, ndipo lamulo limati wopikisana amange chipeŵa chake asanaigwire n'komwe. M'mipikisano yambiri ya anthu wamba saloledwa kupalasa atamamatira kumbuyo kwa mnzake, chifukwa wapatsogolo ndiye amalimbana ndi mphepo pamene wapambuyo amapeza phindu losavutikira. Chovuta chachikulu chimadza potsika panjinga. Minofu imene yakhala ikuzungulitsa mapedulo imafunika kusintha ntchito mwadzidzidzi, ndipo kilomita yoyamba munthu amamva miyendo kulemera ngati yamangiriridwa njerwa. Pachifukwa ichi okonzekera mpikisano amazoloŵeretsa thupi pothamanga atangotsika panjinga, kamodzi kapena kaŵiri pa mlungu.

Mu Africa muno mpikisanowu unazika mizu kwambiri kummwera. Zimbabwe inatumiza Chris Felgate ku Olimpiki ya 2008 ndi ya 2012, ndipo ku Troutbeck, m'mapiri a Nyanga, kwakhala kukuchitika mpikisano wokopa opikisana a maiko ambiri. Mu 2016, ku Rio de Janeiro, Henri Schoeman wa ku South Africa anakhala wachitatu, ndipo imeneyi inali mendulo yoyamba ya Olimpiki kubwera mu Africa pa triathlon. Patapita mwezi umodzi, ku Cozumel m'dziko la Mexico, Schoeman yemweyo anapambana mpikisano umene anthu amaukumbukira pa chifukwa china. Jonny Brownlee wa ku Britain, amene anali patsogolo, anayamba kudzandira ndi kutentha atatsala mamita mazana angapo. Mkulu wake Alistair, m'malo mothamangira kupambana, anamugwira paphewa n'kuyenda naye mpaka pamzere. Mu 2018, pa maseŵera a Commonwealth ku Gold Coast, Schoeman anatenga golide pa mtunda waufupi womwe uja wa mamita 750, makilomita 20 ndi makilomita 5. Kuchepa kwa dziko nako si chopinga, pakuti mu 2021 ku Tokyo, Flora Duffy anapezera Bermuda, chilumba cha anthu osakwana 70,000, golide wake woyamba wa Olimpiki.

Kuno ku Malaŵi mbali zitatuzi zili ndi mbiri yake iliyonse payokha, ndipo kuthamanga ndiko kwakale koposa. M'nthaŵi ya atsamunda, galimoto zisanachuluke, makalata ankayenda ndi amtengatenga amene ankalandirana matumba pamseu, ndipo kanyumba kawo kopumulira ku Namaka, pakati pa Blantyre ndi Zomba, kanasungidwa kuti kakhale chikumbutso. Dziko lino linapita ku Olimpiki koyamba mu 1972 ku Munich, ndipo m'gulu limenelo munali othamanga, ankhonya ndi opalasa njinga aŵiri, Grimon Langson ndi Raphael Kazembe. Mu 1984 ndi 1988 Dyton Chimwaza ndi Daniel Kaswanga anapitiriza mbiri ya njinga imeneyi. Mu 1996 ku Mulanje kunayamba mpikisano wa onyamula katundu wa alendo okwera phiri, woyambira ku Likhubula kukwera phirilo ndi kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20. Poyamba unali wa onyamula katundu ndi operekeza alendo okha, koma pambuyo pake unatsegulidwa kwa aliyense. Mu 2004 Catherine Chikwakwa anakhala wachiŵiri pa liŵiro la mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto, m'dziko la Italy.

Kusambira ndiko kunachedwa. Ngakhale dziko lino lili ndi nyanja yaikulu, wosambira woyamba kuimira Malaŵi ku Olimpiki, Yona Walesi, anapita mu 2004 ku Athens, patadutsa zaka 32 othamanga ndi opalasa atayamba kupita. Pambuyo pake panabwera ena monga Joyce Tafatatha mu 2012 ndi Tayamika Chang'anamuno mu 2024. Mbiri zazikulu za kusambira pa Nyanja ya Malaŵi zinalembedwa ndi alendo. Mu 1992 Lewis Pugh anaoloka kuchokera ku Cape Ngombo kukafika ku Senga Bay, mtunda wa pafupifupi makilomita 25, m'maola osakwana 10. Mu 2019 Martin Hobbs wa ku South Africa anasambira utali wonse wa nyanjayi m'masiku 54. Pamene izi zinali kuchitika, ana a asodzi a ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi ankasambira tsiku lililonse monga anachitira makolo awo, koma panalibe wogwira wotchi kuti aone liŵiro lawo.

Apa ndi pamene pagona vuto la mnyamata kapena mtsikana wa ku Area 36, Biwi, Kawale kapena Chinsapo. Miyendo ali nayo. Wakabaza amene amanyamula munthu wamkulu ndi thumba la ufa kukwera nazo zitunda tsiku lathunthu sangaope makilomita 20 a njinga yopanda katundu. Koma posambirira ndiye palibe. Nyanja ili pa mtunda woposa makilomita 100, ku Salima. Mitsinje ya mumzinda, monga Lilongwe ndi Lingadzi, imaphwera m'chilimwe, imasefukira m'dzinja, ndipo madzi ake si abwino kusambiramo. Madzi odikha a m'madambo ndi m'maenje okumbamo njerwa amapatsa likodzo, ndipo ndi momwe ana ambiri osadziŵa kusambira amakumana ndi ngozi. Kwa zaka zambiri maiŵe osambiramo a mu Lilongwe anali a m'mahotela, m'makalabu ndi m'masukulu olipira ndalama zambiri. Chotsatira chake n'chakuti mwana wa kunyanja amadziŵa kusambira koma ali kutali ndi mabwalo ndi aphunzitsi, pamene mwana wa mumzinda ali pafupi ndi mabwalo koma madzi amawaopa.

Zinthu zina zasintha m'zaka zaposachedwapa. Mu Januwale 2017 bwalo la Bingu National Stadium, limene lili ndi njira yothamangamo ya mamita 400, linatsegulidwa ku Area 48. Mu Disembala 2022 mzinda wa Lilongwe unalandira maseŵera a achinyamata a maiko a kummwera kwa Africa otchedwa Region 5, ndipo pokonzekera maseŵerawo boma linamanga malo osambirirapo pa Kamuzu Institute for Sports. Motero zofunika zonse zitatu, madzi, mseu ndi bwalo, zikupezeka mumzinda umodzi. Funso lotsala ndi lakuti kodi mwana wa mulokeshoni angathe kufika pa malo ameneŵa ndi kupeza womuphunzitsa pa mtengo umene makolo ake angakwanitse. Dziŵe likamangoyembekezera mpikisano wa alendo kamodzi pa zaka zingapo, silingatulutse osambira. Likatsegukira masukulu a boma mlungu ndi mlungu, phindu lake limaposa mendulo, chifukwa mwana wodziŵa kusambira ali ndi mwayi wopulumuka tsiku limene bwato lagubuduka kapena mtsinje wamukokolola.

Chopinga china ndi mtengo wa zipangizo. Mpikisano umene unayamba ndi njinga zoyendera wamba wasanduka, m'maiko olemera, maseŵera a anthu a ndalama. Kuli njinga zopepuka kwambiri zimene mtengo wake umaposa wa galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo kuli zovala zapadera zosambirira m'madzi ozizira. Munthu wa ku Area 36 ataona zithunzi za zinthu zoterezi angaganize kuti mpikisanowu si wa anthu ngati iye. Koma pa mtunda waufupi zofunika ndi zochepa: njinga ya mabuleki ogwira bwino, chipeŵa choteteza mutu, nsapato zothamangira ndi kabudula wosambirira. Njinga yapamwamba imachepetsako mphindi zingapo, koma siipalasa yokha. Ndiponso liŵiro la mumchenga n'kuyambira limodzi: pamene onse opikisana ali ndi njinga zofanana, monga za kabaza, wopambana amapambana ndi mapapo ndi miyendo yake.

Kumene madzi akusoŵa kuli njira ina imene bungwe la World Triathlon limaivomereza. Mpikisano wake umatchedwa duathlon, ndipo pa mtunda waufupi munthu amathamanga makilomita 5, kupalasa makilomita 20, n'kuthamanganso makilomita 2.5. Kumene njinga zikusoŵa, monga kunyanja, kuli aquathlon, wophatikiza kusambira ndi kuthamanga. Kukonza mpikisano woyambawo sikufuna chuma chambiri. Pamafunika mseu woyezedwa bwino, chilolezo cha apolisi apamseu, anthu oima m'mphambano kuchenjeza galimoto ndi njinga zamoto, madzi akumwa, wodziŵa chithandizo choyamba ndi wogwira wotchi. Pamafunikanso kuyamba m'mamaŵa dzuŵa lisanakwere, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pakuti kutentha kumene kunagwetsa Jonny Brownlee ku Mexico kungagwetse aliyense. Munthu wachikulire kapena wodwala mtima ndi kuthamanga kwa magazi ayenera kuonana ndi dokotala asanayambe, ndipo woyamba kumene ayenera kuonjezera mtunda pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo.

Kufikira maseŵera a ku Paris a 2024, Malaŵi anali asanatumizepo wopikisana wa triathlon ku Olimpiki, ndiponso anali asanapezepo mendulo ya Olimpiki pa maseŵera aliwonse. Mbiri imene yafotokozedwayi ikusonyeza kuti maiko amene ali ndi akatswiri lero anayamba ndi makalabu ang'onoang'ono a anthu ogwira ntchito, ndipo akatswiri anatuluka m'kati mwa khamu la anthu wamba. Ku San Diego kunali anthu 46, dola imodzi aliyense, ndi nyali za galimoto zounikira omalizira. Ku Area 36 opalasa ndi othamanga amadutsa pamseu m'maŵa uliwonse, ochuluka kuposa pamenepo. Chimene chatsala ndi chakuti papezeke anthu aŵiri, monga Johnstone ndi Shanahan, oti ayeze mtunda, asankhe tsiku, ndi kuitana anzawo pamzere woyambira.